Telesikopu ya magalasi yoyendetsedwa ndi kompyuta: kusankha, kuikonza ndi kuiuza pomwe ili

Pali funso limene ndalilandira kambirimbiri moti ndimalizindikira ndisanamalize kuliwerenga. Limayamba ndi "Pepani kukuvutitsani," kenako nkhani yake ndi iyi: munthu wagula telesikopu yokhala ndi kompyuta, waiimika panja usiku, wadina pa rimoti kuti imupezere Saturn, mamota alira, chubu chazungulira n'kukaima chitaloza khoma la nyumba kapena pansi penipeni. Ndiye akufunsa ngati wagulitsidwa chinthu chakufa.

Nthawi zambiri makinawo amakhala ali bwinobwino. Vuto ndi loti ogulitsa amalankhula ngati kuti telesikopuyo imaona kumwamba, chonsecho ilibe maso. M'mutu mwake muli mndandanda wa malo a nyenyezi ndi masamu basi. Imawerengera kuchokera pa zimene inu mwaiuza: muli pati, lero ndi pa chiyani, nthawi ili bwanji, ndipo chubu chaloza nyenyezi iti pakali pano. Mukainamiza pa chimodzi mwa zimenezi, ngakhale mosadziwa, iyo imakhulupirira ndi mtima wonse n'kukulozerani khoma. Ndiye lero ndilembe kamodzi, kuti wofunsa wotsatira ndizingomutumizira zimenezi.

1. Dziwani chimene mukugulacho

Pali matelesikopu a malenzi ndi a magalasi. Amene tikukamba pano ndi a magalasi, omwe pa bokosi amalembedwa kuti reflector kapena Newtonian, potengera dzina la Isaac Newton amene anapanga yoyamba mu 1668. Kumunsi kwa chubu kuli galasi lalikulu lolowa m'kati ngati mbale. Limasonkhanitsa kuwala n'kukubweza kumtunda, komwe kuli kagalasi kakang'ono kopendekeka madigiri 45, ndipo kameneka kamakutulutsira m'mbali mwa chubu. N'chifukwa chake mumasuzumira cham'mbali, pafupi ndi kukamwa kwa chubu, osati kumbuyo. Pamene mumaikapo disopo pali kalenzi kochotseka kotchedwa eyepiece, ndipo kamalowa m'chogwirira chokhala ndi timawilo topotokola chotchedwa focuser.

Zinthu zimaoneka chadodolido. Sikuwonongeka, ndi mmene mtundu umenewu ulili. Kumwamba kulibe mutu ndi miyendo ndiye sizisokoneza, koma ngati cholinga chanu ndi kuonera mbalame ndi mapiri masana, gulani china.

Kompyutayo sili m'chubu, ili m'chimene chanyamula chubucho, chotchedwa mount. Mukaona mawu oti GoTo, akutanthauza kuti mount ili ndi mamota amene amapita okha pa chinthu chimene mwasankha n'kumachitsatira pamene dziko likuzungulira. Palinso ena opanda mota, amene foni kapena kachipangizo kamangokulozerani kokankhira ndi manja. Amenewo ndi abwino ndithu, ndipo sadya mabatire, koma satsatira nyenyezi.

2. Sankhani potengera kukula kwa galasi, osati nambala ya pabokosi

Bokosi likalembedwa zilembo zikuluzikulu kuti "imakuza ka 500," pambali pali chithunzi cha mlalang'amba wamitundumitundu, libwezereni pashelefu. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Nambala yofunika ndi m'mimba mwa galasi lalikulu, mu mamilimita. Galasi la 130 mm limasonkhanitsa kuwala kochuluka kuposa diso lanu maulendo oposa 300. La 200 mm limaposa la 130 mm kuwirikiza kawiri ndi kupitirirako pang'ono. Kukuza kumene galasi lingathe popanda chithunzi kusanduka phala ndi pafupifupi kawiri ka kukula kwake: 260 pa galasi la 130 mm. Ngakhale pamenepo, usiku wambiri mpweya wa kumwamba umakhala ukuwinduka moti simupitirira 150.

Kwa woyamba kumene, ine ndimati 130 mm kapena 150 mm. Mwachitsanzo, Celestron NexStar 130SLT ili ndi galasi la 130 mm, ndipo Sky-Watcher Virtuoso GTi 150P ili ndi la 150 mm ndipo imayendetsedwa ndi foni kudzera pa Wi-Fi. Sindikunena kuti ndi okhawo, ndangowatchula kuti mudziwe kukula kumene ndikunena. Ya 200 mm imaonetsa zambiri, koma yambani mwaganiza za msana wanu ndi zitseko zimene muzidutsa nayo. Ndaona matelesikopu akuluakulu ambiri atasanduka popachika zovala chifukwa mwini wake amachita ulesi kuitulutsa.

Nambala yachiwiri ndi focal length, mtunda umene kuwala kumayenda kuchoka pagalasi kufika pamene chithunzi chimapangika. Pa telesikopu ya mtundu uwu, chubu chimayenera kukhala chotalika pafupifupi mofanana ndi nambala imeneyi. Mukaona yolembedwa kuti 1000 mm koma chubu chake n'chachifupi ngati theka la mita, dziwani kuti anaika lenzi yowonjezera m'kati mwa focuser kuti ibise zofooka za galasi lotchipa. Mtundu umenewu amautchula kuti Bird-Jones, ndipo kuwongola magalasi ake kumavuta kwambiri. Funani pamene palembedwa kuti galasi ndi la parabolic.

3. Gwedezani miyendo ya telesikopu musanalipire

Ngati mungathe kuiona musanagule, igogodeni pang'ono ndi chala n'kuona nthawi imene ikutenga kuti ileke kunjenjemera. Masekondi awiri kapena atatu n'zopiririka. Kupitirira pamenepo, nthawi iliyonse mukakhudza focuser, Jupiter azivina mpaka mutopa. Mount imene imayenda mmwamba-pansi ndi kumanja-kumanzere, yotchedwa alt-azimuth, ndiyo yoyenera woyamba. Ya equatorial, yokhala ndi zitsulo zolemera zolendewera, ndi ya anthu ojambula zithunzi za nthawi yaitali, ndipo imafuna kuilozetsa ku nsonga ya thambo usiku uliwonse. Isiyeni kaye.

4. Zowonjezera: zofunika ndi zongodya ndalama

Choyamba kugula si eyepiece, ndi magetsi. Mamount ambiri ang'onoang'ono amalowa mabatire a AA okwana 8, ndipo amawamaliza msanga, makamaka kukazizira. Choipa n'chakuti mabatire akayamba kufooka makina sazima, amangoyamba misala: kuphonya, kuima panjira, kuzungulira osaleka. Munthu n'kumaganiza kuti kompyuta yafa. Pezani batire yotchaja ya 12V, ndipo onetsetsani m'buku la telesikopu yanu mtundu wa pulagi ndi mbali imene ili ya positive musanalumikize.

Kenako tochi yofiira. Diso limatenga mphindi 20 mpaka 30 kuti lizolowere mdima, ndipo kuwala koyera kwa sekondi imodzi kumafafaniza zonsezo. Tochi wamba yokutidwa ndi pepala lofiira imagwira ntchito. Mufunikanso chipangizo chowongolera magalasi, chimene ndichifotokoze pa nambala 6, ndi mpando. Musaseke za mpando. Munthu wokhala pansi amaona zambiri kuposa wowerama amene msana ukumupweteka.

Ma eyepiece awiri amene amabwera m'bokosi, kawirikawiri 25 mm ndi 9 kapena 10 mm, ndi okwanira miyezi yoyamba. Masamu ake ndi awa: gawani focal length ya telesikopu ndi nambala ya eyepiece. Pa telesikopu ya 650 mm, eyepiece ya 25 mm imakuza ka 26, ya 9 mm ka 72. Onani kuti nambala yaikulu ndiyo imakuza pang'ono. Ambiri amalakwitsa pomwepa, n'kuyamba ndi kakang'ono kaja, kenako osapeza kanthu. Mukadzafuna kuona mapulaneti mokulirapo, gulani eyepiece imodzi yabwino ya 5 kapena 6 mm, kapena Barlow ya 2x, imene imawirikiza kawiri kukuza kwa eyepiece iliyonse. Kasutikesi kamene amagulitsa kodzaza ndi ma eyepiece asanu ndi timagalasi tamitundu, ine ndinagula, ndipo timagalasi tamitunduto tikadali m'mapepala ake mpaka lero.

Chenjezo limodzi lomwe silofunika kukambirana: musalozetse telesikopu kudzuwa, ngakhale kwa kanthawi, popanda fyuluta yeniyeni ya dzuwa yotseka kukamwa konse kwa chubu. Timafyuluta takuda tomangirira pa eyepiece timasweka ndi kutentha, ndipo diso likapsa silibwerera. Musasiyenso telesikopu panja masana pali ana.

5. Lumikizani masana, ndipo wongolani kolozera

Musatsegule bokosi koyamba mumdima. Mangani zonse masana, muphunzire mabatani, muone mmene liwiro la mamota limasinthidwira.

Pamwamba pa chubu pali kachipangizo kolozera kotchedwa finder, nthawi zambiri kokhala ndi kadontho kofiira. Kameneka kakapanda kuloza pamodzi ndi chubu, zonse zotsatirazi n'zachabe. Sankhani chinthu chakutali, theka la kilomita kapena kuposa, monga nsonga ya mlongoti, mbali imene kulibe dzuwa. Ikani eyepiece ya 25 mm, chipezeni, chikhale pakati penipeni. Kenako, osasuntha chubu, potokolani timawilo ta finder mpaka kadontho kakhale pa chinthu chomwecho. Sinthani eyepiece muike ya 9 mm, mubwereze. Mukamaliza zimitsani kadonthoko, chifukwa kabatire kake kamathera pa kuiwala.

6. Kuwongola magalasi

Dzina lake ndi collimation, ndipo limaopseza anthu kuposa ntchito yake. Magalasi awiri aja amayenera kuyang'anizana molunjika, ndipo amasuntha pang'ono telesikopu ikagwedezeka paulendo. Akapotoka, nyenyezi zimamera timichira ndipo mizere ya pa Jupiter imasowa. Matelesikopu achifupi, monga a 130 mm pa 650 mm, ndiwo amakhudzidwa msanga.

Chipangizo chosavuta ndi kachivundikiro kokhala ndi kabowo pakati, kolowa m'malo mwa eyepiece. Ena amagwiritsa ntchito Cheshire, kamene kali ndi timawaya topingasa. Laser imafulumira, koma yotchipa imatha kukhala yopotoka yokha. Igonekeni pamalo pamene ingagubuduzike, muizungulize mukuyang'ana kadontho pakhoma. Kadontho kakamajambula bwalo, laser yanu ndi yabodza.

Gonekani chubu chopingasa, chiloze khoma lowala. Musagwire ntchitoyi chubu chitaimirira, chifukwa sipanala ikapulumuka imakagwera pagalasi lalikulu. Suzumirani pa kabowo. Choyamba, kagalasi kakang'ono kazioneka kozungulira, pakati pa bowo la focuser. Chachiwiri, m'kagalasimo muzionamo galasi lalikulu lonse, ndi tizitsulo take tonse tolipanira m'mphepete. Ngati kamodzi kabisika, sinthani timasikuluwu titatu ta kagalasi kakang'ono, pang'onopang'ono, kumasula kamodzi musanamange kena. Nthawi zambiri kagalasika kamabwera kali bwino, ndiye musakakhudze popanda chifukwa. Chachitatu ndi chimene muzichita kawirikawiri: pakati pa galasi lalikulu pali kamphete kolembedwa, ndipo chithunzi cha kabowo kanu chiyenera kulowa m'kampheteko. Kumbuyo kwa chubu kuli masikuluwu atatu osunthira ndipo nthawi zambiri atatu ena okhomera. Masulani okhomerawo, potokolani limodzi la osunthira pang'ono chabe, suzumirani muone komwe kadontho kapita. Mukakhala awiri, wina kupotokola wina kuyang'ana, ndi ntchito ya mphindi zitatu. Pokhoma musamange mwamphamvu.

Umboni wake uli pa nyenyezi. Usiku ikani nyenyezi yowala pakati ndi eyepiece ya 9 mm, muchotse fokasi pang'ono, ndiko kupotokola focuser kuti chithunzi chisaoneke bwino. Isanduka kamphete kowala kokhala ndi mthunzi wakuda. Mthunziwo ukakhala pakati, mwatha.

7. Itulutseni msanga

Galasi lochokera m'nyumba yofunda limatulutsa mpweya wotentha umene umayendayenda m'chubu n'kusokoneza chithunzi. Itulutseni mphindi 30 mpaka ola limodzi musanayambe, chivundikiro chitachotsedwa. Iimikeni pa dothi lolimba kapena paudzu, kutali ndi mababu. Pewani kuyang'ana pamwamba pa denga limene latentha tsiku lonse. Miyendo musaitalikitse mpaka kumapeto, ikafupika imalimba.

8. Kuiuza pomwe ili: apa ndiye pagona nkhani

Mabuku ambiri amangoti "chitani alignment" n'kudumphira ku zithunzi zokongola. Apa ndipamene anthu asanu ndi anayi mwa khumi aja ondilembera amagwera, ndiye tiyende pang'onopang'ono.

Yambani ndi levulo. Mount ikhale yosapendekeka. Sikuti mpaka muchite kutuluka thukuta, koma kathovu kakhale pakati.

Kenako malo. Foni yanu ikupatsani latitude ndi longitude, manambala awiri osonyeza malo amene muli pa dziko. Samalani zinthu ziwiri. Choyamba, foni imakonda kulemba madigiri ndi kadontho, pamene rimoti imafuna madigiri ndi maminitsi, ndipo digiri imodzi ili ndi maminitsi 60. Choncho 20.75 ndi madigiri 20 ndi maminitsi 45, osati 75. Chachiwiri, ndipo ichi ndiye chachikulu, ndi zilembo N kapena S (kumpoto kapena kummwera), E kapena W (kum'mawa kapena kumadzulo). Rimoti yatsopano imabwera ili ndi malo a kwina. Mukalemba manambala olondola koma n'kusiya W pamene inu muli kum'mawa kwa Greenwich, dera la ku London komwe longitude imayambira, kapena N pamene muli kummwera kwa equator, mzere wogawa dziko pakati, makina aziganiza kuti ali mbali ina ya dziko, ndipo azikusakirani nyenyezi zimene zili pansi pa mapazi anu.

Nthawi ili ndi misampha ingapo. Dziko limazungulira madigiri 15 pa ola, kutanthauza digiri imodzi pa mphindi zinayi. Eyepiece ya 25 mm pa telesikopu ya 650 mm imaona kachigawo ka thambo kosakwana madigiri awiri. Ndiye onani nokha kuti kulakwitsa ndi ola limodzi kumakutayani kutali bwanji. Lembani nthawi ya pafoni, mosamala AM ndi PM. Sankhani time zone yoyenera, imene ndi kusiyana kwa maola pakati pa kwanu ndi UTC, nthawi ya pa mzere wa Greenwich. Ikafunsa za Daylight Saving, yankhani kuti ayi, pokhapokha ngati dziko limene muli limasuntha mawotchi nyengo yotentha ndipo nyengoyo ndi imeneyi.

Msampha womaliza unandigwira ine mwini. Marimoti ambiri amalemba mwezi poyamba, tsiku pambuyo. Usiku wina pa 3 Epulo ndinalemba 03/04 monga ndinazolowera, makina n'kumva kuti ndi pa 4 Malichi. Thambo limasuntha pafupifupi digiri imodzi pa tsiku, ndiye ndinali nditataya madigiri 30. Ndinazimitsa n'kuyatsa kanayi, ndinasintha mabatire, ndinafika potukwana chitsulo chosalakwa, udzudzu ukundidya m'miyendo. Mwezi unali mbee kumwamba, telesikopu ikuloza mtengo. Chimene chinandipulumutsa ndi kuwerenga mokweza zimene zinali pa sikirini. Dziwaninso kuti marimoti ambiri alibe wotchi yosunga nthawi akazima, ndiye tsiku ndi nthawi muzilemba usiku uliwonse. Amene mukuyendetsa ndi foni mwapulumuka zonsezi, chifukwa pulogalamu imatenga malo ndi nthawi pa foni pomwepo, bola mwailola kugwiritsa ntchito GPS.

Tsopano nyenyezi. Njira zimasiyana. SkyAlign ya Celestron imafuna kuti muloze zinthu zitatu zowala kwambiri, ngakhale simukudziwa mayina ake, iyo n'kuzizindikira poyeza mipata yake. Pa SynScan ya Sky-Watcher mumasankha nyenyezi ndi dzina, imodzi, ziwiri kapena zitatu, ndipo njira ina imafuna kuti muyambe chubu chitagona chopingasa chikuloza kumpoto. Kaya ndi njira iti, malamulo osankhira ndi amodzi. Nyenyezi zikhale motalikirana, ina mbali ino ya thambo ina mbali inayo. Zikakhala zitatu zisakhale pamzere umodzi. Pewani zimene zili pamutu penipeni ndi zimene zatsala pang'ono kulowa. Zapakatikati ndiye zabwino.

Ndipo ikhale nyenyezi imene mukuganizayo. Makina akati Sirius inu n'kuloza ina, savutika kukutsutsani. Njira yanga ndi kuchita zimenezi kachisisira, pamene kumwamba kwatuluka zowala kwambiri zokha, monga Sirius, Canopus, Arcturus, Vega, Rigel, Antares kapena Achernar, malinga ndi nyengo ndi dera. Mdima ukagwa nyenyezi zimachuluka n'kusokoneza. Pulogalamu ya Stellarium pafoni ikuthandizani kutsimikiza dzina, mutaiika pa kuwala kofiira. Pewani zimene zimayenda ziwiriziwiri, monga Castor ndi Pollux kapena Alpha ndi Beta Centauri, chifukwa kusinthanitsa n'kosavuta. Chinthu chowala kwambiri chimene sichikuphethira mwina ndi pulaneti. SkyAlign imalola mapulaneti, koma pa njira yotchula dzina musaike Jupiter m'malo mwa nyenyezi.

Makina akapita okha ku nyenyezi yoyamba kapena yachiwiri, saifika ndendende. Musadabwe, ndipo musangovomereza kanyenyezi kalikonse kamene kali mu eyepiece. Chotsani diso, yang'anani kumwamba. Yowala kwambiri m'dera limenelo ndiyo ikufunidwa. Ifikeni ndi kadontho kofiira, kenako chepetsani liwiro la mamota, muilowetse pakati mu eyepiece ya 25 mm, n'kumalizira ndi ya 9 mm. Diso limanama pa za "pakati," ndiye chotsani fokasi mpaka nyenyezi ikule ngati mphete yaikulu. Mpata wozungulira mphete ukafanana mbali zonse, muli pakati.

Chomaliza n'chimene palibe amene anandiuza. Magiya a mamota ali ndi kampata pakati pa mano. Mukadina kumanzere mutangochoka kumanja, mota imalira kaye kanthawi chubu chisanasunthe. Makina amawerenga kulirako ngati ulendo. Kuti kampatako kasalowe m'masamu, malizani kuika nyenyezi pakati ndi mabatani omwewo nthawi zonse, ndipo pa ma mount ambiri ndi batani la mmwamba ndi la kumanja. Mukapitirira, musabwerere pang'ono ndi batani linalo n'kudina kuvomereza. Bwererani mokwanira, mufikenso ndi mmwamba ndi kumanja. Kachinthu kameneka kokha kamasiyanitsa telesikopu yoika Saturn pakati ndi yomusiya m'mphepete.

Sikirini ikanena kuti zatheka, manja kumbuyo. Musakankhe chubu ndi dzanja, musamasule zomangira, musapunthwe pa mwendo. Ma mount ena ali ndi zowerengera zimene zimalola kukankha, koma mwendo ukasuntha, aliyense amayambiranso. Yesani ndi nyenyezi yowala imene mukuidziwa musanapite pa zosaoneka ndi maso.

9. Zikakanika

Ikalozera kutali kwambiri, vuto lili pa tsiku, nthawi, kapena zilembo zija za malo. Ikaphonya pang'ono paliponse, simunaike nyenyezi pakati bwino, kapena kampata ka magiya kalowerera. Ikapeza nyenyezi koma n'kuphonya mwezi ndi mapulaneti, tsiku ndi lolakwika. Ikayamba bwino kenako n'kusokonekera, onani batire, ndiponso chingwe, chimene chimakonda kudzikulunga pa mount n'kuzula pulagi. Ngati mitambo yangosiya mwezi wokha, pali njira yolozera chinthu chimodzi. Siipeza zinthu molondola, koma imatsatira chimene mwaloza.

10. Zoyamba kuona, ndi kaonedwe kake

Yambani ndi mwezi, koma osati wathunthu. Ukakhala theka, m'malire a kuwala ndi mdima mithunzi imatalika ndipo maenje ndi mapiri zimaoneka ngati mungazigwire. Jupiter akuonetsani mizere iwiri yoderako ndi miyezi yake inayi, Io, Europa, Ganymede ndi Callisto, imene Galileo anaiona mu 1610, ndipo mawa mudzaipeza itasintha malo. Saturn wokuzidwa ka 72 ndi wamng'ono ngati kambewu, koma mphete yake imaoneka. Mu 2025 mpheteyo inatilozetsa m'mphepete n'kuoneka ngati kamzere, ndipo m'zaka zotsatira ikutseguka pang'onopang'ono. Nthanda, imene rimoti imaitchula kuti Venus, imasintha maonekedwe ngati mwezi. Nsangwe mudzazipeza pa M45, ndipo zimafuna eyepiece yokuza pang'ono kuti zikwane zonse.

Chilembo M chikuimira mndandanda wa Charles Messier, wa zinthu 110, ndipo ndi poyambira pabwino kuposa zikwi zimene rimoti imadzitamandira nazo. Zambiri mwa zikwizo galasi la 130 mm silingazione, makamaka pamene pali magetsi ambiri. M42 mu Orion ndi mtambo wa mpweya umene mukubadwira nyenyezi. M31 ndi mlalang'amba wa Andromeda, ndipo kuwala kwake kwayenda zaka pafupifupi 2.5 miliyoni kuti kukufikeni. Amene muli chakummwera musaphonye Omega Centauri ndi 47 Tucanae, mipira ya nyenyezi zothithikana.

Ndikuuzeni chilungamo: zimenezi zimaoneka zotuwa, ngati kautsi. Mitundu ya m'zithunzi imabwera chifukwa kamera imasonkhanitsa kuwala kwa nthawi yaitali, zimene diso silingathe. Oyamba amasuzumira masekondi asanu n'kudina chinthu china, ndipo kuipa kwa GoTo n'komweko, kuti imachititsa munthu kuthamanga. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Khalani pa chinthu chimodzi mphindi khumi. Yang'anani pambali pake pang'ono m'malo mochiyang'ana mwachindunji, chifukwa m'mphepete mwa diso ndimo mumamva kuwala kofooka. Gogodani chubu pang'ono, diso limagwira msanga chinthu chikamagwedezeka. Pa mapulaneti dikirani timphindi timene mpweya umakhazikika, chithunzi n'kungoti ngwee kwa sekondi imodzi kapena ziwiri. Mizere yotuluka pa nyenyezi zowala ikuchokera ku tizitsulo togwira kagalasi kakang'ono, si vuto.

Za kujambula, foni yomangidwa pa eyepiece imatenga mwezi bwino. Kupitirira apo, mount ya alt-azimuth imachititsa kuti thambo lizizungulira m'chithunzi mukapitirira masekondi 20 kapena 30, ndiponso ma Newtonian ang'onoang'ono ambiri safika pa fokasi ndi kamera yaikulu popanda Barlow. Imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina.

11. Pobwerera m'nyumba

Mame akagwa pa magalasi musapukute. Lowetsani telesikopu, chubu chigone chopingasa kapena choweramira pansi pang'ono, chosavundikira, mpaka chiume chokha, ndipo muvundikire m'mawa. Mukatsekera chinyezi m'kati mukuitana nkhungu. Chotsani mabatire a AA ngati mukhala milungu osaigwiritsa ntchito, chifukwa amadontha n'kudya tizitsulo.

Ndipo tsiku lina mudzawalitsa tochi m'chubu n'kuona fumbi pagalasi, mtima n'kuyamba kuyabwa. Lisiyeni. Chonyezimira cha galasili ndi aluminiyamu wopyapyala kwambiri wopakidwa pamwamba, osati kuseri ngati galasi la kubafa, ndipo nsalu youma imamukanda. Fumbi lochepa silisintha chimene mukuona. Likadzachita kuda kwenikweni, patapita zaka, galasi limachotsedwa m'chubu, n'kuviikidwa m'madzi ofunda pang'ono okhala ndi kadontho ka sopo wamadzi, n'kutsukuluzidwa ndi madzi otchezedwa otchedwa distilled, n'kuimikidwa cham'mbali kuti liume lokha. Musanalichotse lembani kachizindikiro pa chubu ndi pa chogwirira galasi kuti mudzabwezere mmene zinalili, ndipo mukabwezera, bwererani pa nambala 6.